Lathe yaifupi, tchizulo yaitali

Amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lizulu, kudutsa pa Ntcheu boma mpaka ku Kampepuza ndi ku Manjawira, anazolowera kuona kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere zili mbwee m'mbali mwa msewu. Pakati pa milu ya ndiwoyo pamakhalanso malonda ena osaola: mabedi, zitseko, masitulu ndi timatebulo ta pabalaza, zonse zitaimikidwa padzuwa kuti vanishi aziwala. Wogula amayamba wagwedeza bedi kuti amve ngati likulira, kenaka maso amagwera ku miyendo. Mwendo wa makona anayi, wongopala ndi puleni, uli ndi ndalama yake. Mwendo wobulungira, wokhala ndi khosi, mkanda ndi kamimba, uli ndi ndalama inanso, ndipo kalipentala amadziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake amene wayamba kupezako bwino amalota lathe, makina ozunguza chipika kuti chisemedwe chikuzungulira.

Lathe imene mmisiri wa m'shedi ya malata angakwanitse si yaikulu ija ya m'masukulu a ntchito zamanja. Ndi yoika pa benchi, yoti anthu awiri n'kuinyamula osapuma. Ina imabwera pa ngolo ya basi ya ku Joni, itapanikizika pakati pa mafiriji ndi zikwama za zovala. Ina ndi yolumikiza kwa wowotcherera: mota yakale, shafiti, mabelingi awiri ndi zitsulo zotola. Kaya yachokera kuti, kapangidwe kake n'kamodzi. Kumanzere kuli mutu, kumene kuli mota ndi lamba. Pansi pali njanji ziwiri. Pa njanjipo pamayenda chitsulo chotsamiritsapo tchizulo, ndipo kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kumakhala tailstock, chitsulo cholemera chokhala ndi nsonga ndi kagudumu kopukusa, chimene chimakankha chipika kuti chisachoke pamalo.

Masamu ake ndi awa. Lathe zazing'ono zambiri za m'sitolo zimalandira chipika chotalika masentimita 45 kapena kucheperapo pakati pa nsonga ya kumutu ndi ya tailstock, ndi chotambalala masentimita 25 mpaka 30. Pa ntchito ya miyendo ya situlu, zogwirira madilowa, mipini ya matchizulo kapena zoikapo makandulo ku tchalitchi, palibe mlandu: tailstock ili pa ntchito yake, mmisiri waima kutsogolo, tchizulo ikulowa cham'mbali. Mlandu umabuka tsiku limene munthu waitanitsa mbale, kapena kamphika ka shuga kokhala ndi chivindikiro. Kukumba m'kati kumafuna kuti tchizulo ilowere kumaso kwa chipika, mpini utaloza kumene kuli tailstock. Chogwirira chipika chadya masentimita ngati 7, mbale yadya 8, patsala 30. Tchizulo yokumbira mbale, kuwerengera ndi mpini womwe, imafika masentimita 55 kapena 60. Ngakhale tailstock aikankhire kumapeto kwenikweni kwa njanji, mpini sukwana.

Komanso mpiniwo sukhala malo amodzi. Poyamba, tchizulo ili pa mlomo wa mbale, mpini umakhala kutsidya kwa njanji. Pamene ikutsikira pansi pa mbale, mpini umabwera pang'onopang'ono kwa mmisiri. Pakati pa ulendo umenewo ndi pamene umati gu! pa chitsulo. Dzanja limaima, tchizulo imasiya mzere m'mimba mwa mbale, ndipo mzere umenewo umadya sandipepa wambiri usanafufutike.

Kalipentala wina wa pa Ntcheu boma, amene lathe yake anamutumizira mkulu wake wa ku Johannesburg, amagwira ntchito ndi mwana wa mlongo wake. Mnyamatayo ali ndi kachipsera pa chigongono chakumanja, ndipo aliyense amene anakumbapo mbale pa lathe yaifupi sangafunse kuti chinamubaya n'chiyani. Maso onse amakhala ali m'mbale, mkono ukubwerera m'mbuyo, nsonga ya tailstock ili phee kudikira. Tsiku limene anabayidwalo, atamanga kansanza pa balalo, anafunsa funso limene wophunzira aliyense amafunsa.

"Malume, bwanji osangochichotsa chimenechi?"

"Chotsa, mphwanga. Koma undiuze kaye kumene uchiike."

Yankho limeneli lili ndi nzeru kuposa mmene likumvekera. Kuchotsa tailstock sikuvuta: kumasula chomangira, kuitsetsereza kumapeto kwa njanji, kuinyamula. Zovuta zimabwera pambuyo. Chitsulo chake ndi cha mtundu wa simbi ya makala, cholimba ndithu koma chikagwa pa simenti sichipindika, chimasweka, ndipo owotcherera ambiri amachita kukanda m'mutu akachiona. Pansi pake pali kachitsulo kopyapyala kamene kamaluma njanji kunsi. Kakamasuka n'kugwera mu utuchi, mnyamata wosesa madzulo amakatayira kudzala pamodzi ndi zinyalala. Tsinde la tailstock, mbali imene imakhala pa njanji, linapalidwa mosamala ku fakitale kuti nsonga yake izilunjikana ndi ya kumutu. Kuiika pansi pa dothi lamchenga lero ndi mawa kumakanda tsindelo, ndipo mchenga umene wamatirira umakakanda njanji.

Kenaka pali dzenje limene nsonga imalowamo. Silofanana m'lifupi monse ayi, limanka lichepa m'kati, ndipo nsonga imagwira mongothinana, popanda bawuti. Kapangidwe kameneka anakayambitsa Stephen A. Morse wa ku Massachusetts m'dziko la America mu 1864, ndipo mpaka lero makina ambiri obowolera ndi osemera amatsata muyeso wake. Lathe zazing'ono zimakhala ndi Morse nambala 1 kapena nambala 2, imene pakamwa pake pamatambalala pafupifupi mamilimita 18. Ubwino wake ndi woti nsonga yogula ku Limbe ikhoza kulowa pa makina opangidwa ku China kapena ku England. Kuipa kwake ndi koti kambewu kamodzi ka mchenga m'dzenjemo kamapendeketsa nsonga, mwendo wa situlu n'kutuluka wonenepa mbali imodzi, mmisiri n'kumadandaula kuti thabwa linali lopindika.

Ndiye kumene uchiike ndi nkhani ndithu. Kampani ya Robust ya ku Wisconsin imagulitsa lathe zokhala ndi kachidutswa ka njanji kopendama: tailstock imatsetserekera pamenepo, munthu n'kuipendeketsera pambali osainyamula. Nzeru yake si yodula ngati makinawo. Kalipentala wa pa boma uja anakhomera timatabwa tiwiri ta mbawa pa benchi, kumapeto kwa njanji, tokwera mofanana ndi njanjizo, mpata wake womwewo. Tailstock imangotsetsereka kuchoka pa chitsulo kupita pa thabwa, masentimita 30 ena n'kupezeka, ndipo siigunda pansi. Amene ali ndi mnzake wowotcherera akhoza kuwonjezera mahinjesi a chitseko kuti kashelefuko kazipatukira kumbali. Amene alibe nthawi ya zonsezi angobweza kagudumu m'mbuyo mpaka nsonga itatuluka, aiike m'chitini chovindikira. Mpini uzigundabe, koma chigongono chipulumuka. Ena amangovundikira nsongayo ndi botolo la pulasitiki lodula pakati.

Komabe wolemba nkhaniyi akuona kuti funso la mnyamata lija linayambira pakati. Asanafunse kumene angaike tailstock, akanayamba wafunsa nthawi imene ayenera kuichotsa, chifukwa ambiri amaichotsa msanga, ndipo ngozi zazikulu za pa lathe zimachitika mphindi zoyambirira, chipika chisanabulungire.

Magetsi a kuno amayendetsa mota wamba wa m'mashopu maulendo pafupifupi 1,450 pa mphindi. Lathe yolumikiza kwa wowotcherera, mapule ake awiri akakhala ofanana kukula, chipika chimazunguliranso liwiro lomwelo. Pa mwendo wa situlu palibe choopsa. Koma chipika cha mbale chotambalala masentimita 25, chikamazungulira motero, m'mphepete mwake mumathamanga pafupifupi makilomita 68 pa ola, liwiro la minibasi, ndipo nkhope ya mmisiri ili pomwepo. Dale Nish, mphunzitsi wa zosema pa lathe wa ku Utah, anasiya lamulo limene osema ambiri amalitsata: kutambalala kwa chipika m'mainchi, kuchulukitsa ndi maulendo pa mphindi, kuzikhala pakati pa 6,000 ndi 9,000. Mbale ya masentimita 25 ndi mainchi 10, kutanthauza maulendo 600 mpaka 900, ndipo chipika chamabampu chimafuna kuyambira pansi pa pamenepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofuna kuzula chipika imawirikiza kanayi. Masikuluwu anayi omangira chipika ku mutu wa makina, olowa m'thabwa laliwisi la mango, sangalimbane ndi mphamvu yotere okha. Chimene chimawathandiza ndi chitsulo chija mnyamata amafuna kuchichotsa.

Choncho mmisiri wodekha amasema kunja konse kwa mbale tailstock ili pomwepo. Akatembenuza chipika kuti akumbe m'kati, amaibwezeranso, n'kuyamba kukumba mozungulira nsonga, kusiya mzati pakati. Apa m'pamene tchizulo yaifupi imapambana yaitali: mpini wa masentimita 15 kapena 20, wosema pa lathe yomweyo, umakwana m'kampata kamene mpini wa m'sitolo sungalowe. Si yokumbira mozama, chifukwa mpini waufupi ulibe mphamvu yoletsa tchizulo ikakodwa, koma pa mbale yosaya imakwanira. Mzati uja amaupyapyaza pang'onopang'ono mpaka utatsala ngati chala, makina n'kuzimitsa, n'kuuthyola. Pofika apo chipika chapepuka, chabulungira, sichikugwedezanso benchi. Tsopano tailstock ikhoza kupita pa timatabwa take, patsala ntchito ya mphindi zochepa yosalaza pansi pa mbale.

Ndipo sipita nthawi yaitali. Kuti amalize kunsi kwa mbale, kumene kunali masikuluwu kapena chogwirira, mmisiri amasema kachipika kobulungira ku mutu wa makina, amayalapo mphira wa chubu cha njinga kapena chidutswa cha patapata wakutha, n'kuvundikira mbale pamenepo chafufumimba. Chimene chimaigwira kuti isagwe ndi tailstock yomweyo. Amasema mpaka patsale kamchombo pansi pa nsonga, kamene amakadula ndi tchizulo ya pamanja makina atazima. Chogwirira cha mano anayi cha m'sitolo, chimene chinakwera mtengo pamodzi ndi katundu yense wakunja kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sichifunika pa njira imeneyi.

Njira yosiya mzati si ya osauka okha, ndiponso si yatsopano. Ku Bucklebury m'dziko la England kunali George Lailey, amene anamwalira mu 1958 atasema mbale moyo wake wonse pa lathe yopalasa ndi phazi, ya chingwe ndi mtengo wowerama. Mbale zake zinkakhala pakati pa nsonga ziwiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Matchizulo ake anali a ngowe, osula ndi manja, okhoza kuzemba mzati n'kulowa pansi pake, mwakuti m'chipika chimodzi ankatulutsamo mbale zingapo, yaing'ono m'mimba mwa yaikulu. Lathe yake ikusungidwa ku Museum of English Rural Life mumzinda wa Reading. Ku Japan anatsata njira ina. Osema mbale a ku Yamanaka amagwiritsa ntchito lathe yopanda tailstock n'komwe: chipika amachikhomera pa misomali ya ku mutu, mmisiri amakhala pansi, ndipo naye amasula yekha matchizulo ake. Koma chipika chimene amakhomeracho chimakhala chosemedwa kale mwachisawawa ndi kuumitsidwa, chopepuka ndi chobulungira. Kuona zithunzi zawo pa foni n'kuthamangira kuchotsa tailstock pa chipika chodula dzulo ndi chikwanje n'kudziputira ngozi.

Palinso chifukwa china chimene kalipentala wa ku Ntcheu sangamangochotsa ndi kubwezera chitsulochi pa mbale iliyonse, ndipo chifukwacho ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka amisiri a m'mashopu ankagwira ntchito mongoba maola, ena mpaka usiku. Anthu anaphunzirapo kanthu. Magetsi akayaka, mmisiri uja sayamba mbale imodzi n'kuimaliza ayi. Amasema kunja kwa zipika zonse zimene wakonza, amazikumba zonse mpaka pa mzati, kenaka amachotsa tailstock kamodzi kokha n'kusalaza m'kati mwa zonse. Kulemba pakati pa chipika, kudula makona ndi sowo, kunola matchizulo pa mwala, kukhoma masikuluwu, imeneyo ndi ntchito ya nthawi imene magetsi athima.

Nanga chinthu chikatalika kuposa njanji? Tebulo lodyerapo limatalika pafupifupi masentimita 75, ndipo mwendo wake sungalowe pa masentimita 45. Ena amasema mwendo m'zidutswa ziwiri, china chokhala ndi chikhomo, china chokhala ndi dzenje, n'kubisa polumikizira pansi pa mkanda. Pa nsanamira ya kumutu kwa bedi, imene ili yongokongoletsa, zimatheka bwino. Pa mwendo wa tebulo limene ana azilikoka tsiku ndi tsiku, ndi katangale, ndipo wogula amadzazindikira guluu akatopa. Njira yoona ndi kutalikitsa njanji, kapena kumangirira tailstock pa chipika cholimba chokhomera pa benchi, patali ndi makina, n'kuyesa ndi ulusi kuti nsonga ziwirizo zalunjikana. Mwendo wautali ndi woonda umanjenjemera pakati, ndiye liwiro lichepe ndipo tchizulo ikhale yakuthwa. Zina n'zosayenera kuzikakamiza. Zibonga zimene amuna amanyamula povina ngoma ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo zimakhala zolimba ngati mutu ndi mpini zili mtengo umodzi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kasemasema ndi mpeni.

Koma kufupika kwa lathe sikudandaulitsa kwambiri masiku ano, chifukwa matabwa nawo afupika. Mlombwa wotambalala umene akuluakulu ankapangira zitseko za thabwa limodzi ukusowa. Nkhalango za Dzonzi ndi Mvai zadyedwa ndi nkhwangwa, ndipo anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka anaona zotsatira zake mu 2018 pamene damu la Mpira linauma, mipopi n'kukhala gwaa. Matumba a makala ali ndandanda ku Senzani akunena nkhani yomweyo. Lamulo la zankhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020. Pa malonda a pakati pa mayiko, phingo analowa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES mu 2017, ndipo mlombwa ndi mbawa za mu Africa anazionjezera pa msonkhano wa ku Panama mu November 2022. Chimene kalipentala amagula lero ndi paini, bulugama, malaina ndi sindereya, ndipo mtengo wolimba akaupeza, chidutswa chilichonse chimawerengedwa.

Apa ndi pamene lathe yaifupi imabweza ndalama zake. Zidutswa za mbawa zotsala podula mafelemu a zitseko, zimene kale zinkapita kukhitchini, zimasanduka timiyendo ta sofa, zogwirira makabati ndi mitu ya ndodo zopachikira makatani. Nthambi ya mango wogwa ndi mphepo imatulutsa mbale zokongola, bola kuisema kawiri, koyamba ili yaiwisi kusiya khoma lokhuthala, kachiwiri itauma. Msika wa tinthu ting'onoting'ono ta mtengo uli pafupi: pa msewu wa Khwekhwerere, wotsika kuchokera kwa Masasa kupita ku Golomoti, amisiri amagulitsa timagalimoto ndi tinjinga ta matabwa tokhala ndi mateyala oyenda, ndipo kumunsi kwake, ku Mua m'boma la Dedza, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 aphunzitsa osema ambiri. Mlendo amene waima pa malo amenewa amafuna kanthu kolowa m'chikwama. Bedi sangalinyamule.

Mnyamata wa kachipsera uja tsopano amakumba mbale yekha. Amalume ake amangomuyang'anira pa zinthu ziwiri: kuti lamba ali pa pule ya liwiro lochepa asanayatse, ndi kuti waima pambali pamene chipika chikuyamba kuzungulira. Chotchingira kumaso alibe, amavala magalasi oyera a wowotcherera, amene amateteza maso koma mano ndi mphuno zili pambalambanda. Zimenezo n'zosakwanira, ndipo amene akugulitsa mbale n'kupeza phindu ayenera kugula chotchingira nkhope yonse asanaganize za tchizulo ina.

Amene akutuma m'bale wake ku Joni kuti amugulire lathe yogwirapo kale ntchito amuuze izi. Asanapereke ndalama, akankhe tailstock mpaka nsonga yake ikumane ndi ya kumutu, aone ngati zalunjikana. Apukuse kagudumu mpaka kumapeto ndi kubweza, amve ngati sikakudumpha. Ayang'ane tsinde ngati lilibe mng'alu. Ndipo pokweza pa basi amange kachitsulo ka pansi kaja ndi waya, chifukwa kakagwera pa boda ya Mwanza kapena ya Dedza pamene katundu akutsitsidwa, makinawo afika ku Ntcheu osatha kugwira ngakhale mwendo umodzi wa situlu.